Kampani yokonza maulendo a mabanja: mmene inatithandizira pa ulendo wa ku Germany ndi Poland ndi ana athu awiri achinyamata

Ganizo lofuna thandizo la kampani yokonza maulendo linandifikira tsiku limene ndinayala mapu patebulo n'kufunsa ana kuti akufuna tikaone chiyani. Wamkazi, yemwe ali ndi zaka 17, anayankha kuti, "Kulikonse, Amayi," maso ali pafoni, ndipo mlongo wake wa zaka 14 anangofunsa ngati kumene tikupitako kudzakhale intaneti. Ine ndi bambo awo tinali titasunga ndalama kwa zaka zingapo, ndipo tinkadziwa kuti mwina umenewu ndi ulendo womaliza umene tidzayende tonse anayi mtsikanayo asanachoke pakhomo kupita ku koleji. Mantha athu anali akuti tidzamwaza ndalama zonsezo pokoka anthu awiri onyinyirika kuchoka pa chipilala china kupita pa china, iwo akuwerenga chamumtima masiku otsala kuti abwerere kwa anzawo.

Kampani imene tinasankha imagwira ntchito pa intaneti, ndipo imati luso lake lili pa maulendo a mabanja okhala ndi ana osinkhukirapo. Dzina lake sindilitchula, chifukwa pali zolakwa zimene ndizifotokoze muno ndipo sindikufuna kuti zioneke ngati ndikuipitsa mbiri ya anthu. Imalipiritsa padera ntchito yokonza ndondomeko ya ulendo, kenaka imagula matikiti, kusungitsa malo ogona ndi kupeza anthu oonetsa alendo malo m'dzina la banjalo. Tinayenda masiku 12 m'mwezi wa Julayi: tinagona masiku 4 ku Berlin, 2 ku Wrocław ndi 5 ku Kraków. Matikiti aliyense wodziwa kompyuta angathe kudzigulira yekha, ndipo pa nkhani ya mapepala kampaniyi inatigwiritsa mwala kawiri. Phindu lenileni la ndalama zathu tinalipeza mwa munthu mmodzi, mlangizi amene ankadziwa kuchuluka kwa zinthu zimene wachinyamata angasenze pa tsiku limodzi, ndiponso mmene angamuchititsire kuti ulendowo auone ngati wake.

Mlangiziyo anali mayi wodekha, wosathamangira kulankhula, ndipo anakonza zoti tikumane katatu pa vidiyo. Koyamba analankhula ndi ife makolo za nthawi, za ndalama zimene tinali nazo ndi za thanzi la aliyense. Kachiwiri anapempha kuti alankhule ndi ana okha ife titatuluka, zimene sizinandisangalatse kwenikweni, moti ndinakhala m'chipinda chinacho chitseko chili chotsegula pang'ono. Sanawafunse n'komwe za maiko amene akufuna kuona. Anawafunsa nthawi imene amadzuka patchuthi, phunziro limene anakanganapo ndi mphunzitsi, ndi chimene chimawatopetsa kwambiri akamayenda ndi makolo. Mnyamata anayankha mosazengereza kuti ndi kuimirira kumbuyo kwa Adadi pamene akuwerenga chikwangwani chilichonse mpaka mzere womaliza. Mtsikana anati kusukulu anaphunzira za kugawidwa kwa Germany koma sanamvetse kuti zingatheke bwanji anthu kudzuka m'mawa n'kupeza mzinda wawo utadulidwa pakati. Pa yankho limeneli m'pamene ulendo wonse unamangidwa.

Ndondomeko imene anatitumizira inali yaifupi kusiyana ndi mmene ndinkayembekezera, ndipo poyamba ndinaganiza kuti atibera. Tsiku lililonse linali ndi chinthu chachikulu chimodzi chokha, masiku ambiri tinkayamba 10 koloko m'mawa, ndipo masana ena anali opanda kanthu. Mwana aliyense anapatsidwa tsiku lake loti atsogolere banja: matikiti a tsikulo, mapu ndi nthawi za sitima zinatumizidwa pafoni yake, ndipo ife tinauzidwa mwaulemu kuti tisamuwongolere pokhapokha ngati pali ngozi. Nditadandaula kuti m'malo amenewo muli zambiri zoti tione ndipo mwina sitidzabwerakonso, anandiyankha kuti wachinyamata amene waona zinthu zisanu pa tsiku amakumbuka kuwawa kwa mapazi kokha. Ndinavomera monyinyirika.

Cholakwa choyamba chinachitika tisananyamuke, ndipo chikanatha kuthetsa ulendo wonse. Germany ndi Poland onse ali m'dera la Schengen, choncho amene amafunika viza amatenga imodzi yokha yolowera maiko onsewo. Munthu wa ku ofesi ya kampaniyo, osati mlangizi wathu, anatilembera kuti tikapereke mafomu ku ofesi ya kazembe wa Germany popeza ndege yathu inkatera ku Berlin. Lamulo lake silitero. Viza imapemphedwa ku dziko limene munthu akakhaleko masiku ambiri, ndipo dziko lolowera limangoganiziridwa ngati masikuwo ali ofanana. Ife tinali ndi masiku 7 ku Poland ndi 4 ku Germany. Safunsa anadya phula: bambo a ana anawerenga okha malamulowo usiku wina, n'kuona kuti tatsala pang'ono kukaima pa mzere wolakwika, ndipo tinataya milungu iwiri posintha tsiku lokaonekera. Kampaniyo inapepesa, koma inawonjezera kuti m'pangano lathu munalembedwa kuti nkhani za viza ndi udindo wa kasitomala, zimene ndi zoona, ngakhale kuti mawuwo anali m'zilembo zing'onozing'ono pa tsamba lomaliza.

Pali zina zokhudza achinyamata zimene akanayenera kutiuza pa tsiku loyamba koma tinazidziwa tokha. Mwana wa zaka 12 kapena kuposerapo amajambulidwa zidindo za zala popempha viza ya Schengen, choncho ana athu onse awiri anayenera kukaonekera okha, ndipo zimenezi zinafuna kuwapemphera chilolezo kusukulu. Mafomu a mwana wosakwana zaka 18 amasainidwa ndi makolo, ndipo amafuna kalata yake yobadwira. Pasipoti iyenera kukhala yogwira ntchito kwa miyezi itatu kupitirira tsiku lochoka m'deralo, ndipo inshuwaransi ya zaumoyo iyenera kufika mayuro 30,000. Mafomu angaperekedwe kutatsala miyezi 6 kuti munthu anyamuke, ndipo ndikanadziwa msanga ndikanayamba nthawi yomweyo. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti gawo loyamba la malipiro a malo ogona linali losabwezedwa, ndipo tinalilipira viza isanatuluke. Aliyense wofuna kugwiritsa ntchito kampani zoterezi afunse za zimenezi asanapereke ndalama iliyonse.

Titafika ku Berlin, mtima wanga unayamba kukhala pansi. Tsiku la mtsikana linali lachiwiri, ndipo anatitsogolera ku Bernauer Straße, msewu umene wasandutsidwa malo okumbukira Khoma la Berlin, limene linagawa mzindawo pakati, kum'mawa ndi kumadzulo. Anatisocheretsa kamodzi posintha sitima za pansi pa nthaka, bambo ake anatsegula pakamwa kuti amuthandize, ine n'kuwagwira mkono, ndipo patapita mphindi 15 anapeza yekha njira. Khomalo linayamba kumangidwa pa 13 Ogasiti 1961, linazungulira West Berlin kwa makilomita pafupifupi 155, ndipo zipata zake zinatsegulidwa pa 9 Novembala 1989. Pa msewu umenewu malire anadutsa pakhomo penipeni pa nyumba, moti nyumbazo zinali kum'mawa pamene njira ya oyenda pansi inali kumadzulo, ndipo m'masiku oyambirira anthu ankadumpha kuchokera m'mawindo. Lero pamene panali khoma pali mizere ya zitsulo zadzimbiri zoimika, ndipo munthu amatha kudutsa pakati pake mosavuta. Mlangizi anasankha malo amenewa m'malo mwa Checkpoint Charlie, chipata chotchuka cha pa malirewo, kumene alendo amadzaza kukajambulitsa zithunzi, ndipo anasankha bwino.

Anali atatumizira mtsikanayo nkhani za achinyamata awiri kuti adzatifotokozere ife tikadzafika. Woyamba anali Conrad Schumann, msilikali wolondera malire wa zaka 19 amene anadumpha waya waminga kuthawira kumadzulo pa 15 Ogasiti 1961 pa ngodya ina ya msewu womwewo. Wachiwiri anali Peter Fechter, amene anawomberedwa pa 17 Ogasiti 1962 akuyesa kukwera khomalo, nagona pamenepo akukha magazi anthu a mbali zonse ziwiri akuonerera. Ku Bernauer Straße kuli chikumbutso chokhala ndi timawindo ting'onoting'ono, momwe muli zithunzi za anthu amene anafera pa khoma, ndipo anthu osachepera 140 anafa mwa njira imeneyi. Mtsikanayo anasakasaka ndi chala mpaka anapeza nkhope ya Fechter, anawerenga chaka chobadwa ndi chaka chomwalira, kenaka anatembenuka n'kunena kuti, "Amayi, ameneyu ankandiposa ndi chaka chimodzi chokha." Foni inali m'thumba, ndipo sinatulukemo mpaka titachoka. Mnyamata, yemwe sakonda kuwerenga zikwangwani, anakopeka ndi zizindikiro za pansi zosonyeza pamene panadutsa ngalande zothawira, makamaka imene anthu 57 anatulukira mu Okutobala 1964, ndipo anaiyeza ndi mapazi ake.

Zina za ku Berlin zinayenda monga analonjezera. Kukwera pa denga lagalasi la Reichstag, nyumba ya malamulo ya Germany, n'kwaulere koma kumafuna kulembetsa maina ndi masiku obadwa pasadakhale, ndipo kampaniyo inachita zimenezi bwinobwino. Mnyamata anapatsidwanso ntchito yoyang'ana pansi poyenda kuti apeze timiyala tokutidwa ndi mkuwa totchedwa Stolpersteine, timene katswiri wa zaluso Gunter Demnig anayamba kuika m'zaka za m'ma 1990 kutsogolo kwa nyumba zimene munkakhala anthu ozunzidwa ndi chipani cha Nazi. Kamwala kalikonse kali ndi dzina, chaka chobadwa ndi kumene munthuyo anatengeredwa. Pa timiyala tingapo anawerenga mawu akuti Auschwitz, dzina la msasa umene a Nazi anapherako anthu ambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti mlangizi anachitira dala zimenezi kuti amukonzekeretse ulendo wa kumeneko mlungu wotsatira.

Ku Wrocław tinapita pa sitima, ulendo wa maola pafupifupi anayi, mipando yathu ili yoyang'anizana. Kalata ya kampani inatikumbutsa kuti ku Poland amagwiritsa ntchito złoty, osati yuro. Limeneli linali tsiku la mnyamata, ndipo ntchito yake inali kutitsogolera posaka tiziboliboli ta anthu afupiafupi tobalalika m'misewu ya mzindawo, timene tilipo mazanamazana. Ndinkaona ngati ndi masewera a ana aang'ono, koma tiziboliboliti timakumbutsa gulu lotchedwa Orange Alternative, limene m'zaka za m'ma 1980 linkanyoza boma la chikomyunizimu pojambula tianthu totere pamakoma. Tinayenda makilomita ambiri popanda wodandaula, ndipo mlongo wake, amene m'mawa anati iye ndi wamkulu sangachite nawo, madzulo ndiye ankathamanga patsogolo.

Pa nkhani ya Auschwitz m'pamene ndinaona kusiyana kwa mlangizi ameneyu ndi munthu wongogulitsa matikiti. Kudakali milungu ingapo anatiimbira foni n'kutiuza kuti oyang'anira malowo salimbikitsa kuti ana osakwana zaka 14 apiteko, ndipo popeza mnyamata wathu anali atangokwanitsa kumene zakazo, anafuna kuti asankhe yekha. Anamufotokozera mosabisa zimene akaone, n'kumuuza kuti ngati safuna atha kutsala ku Kraków ndi bambo ake popanda womuseka, ndipo anali atakonzeratu zoti awiriwo akachite. Mnyamatayo anaganiza masiku awiri n'kunena kuti apita. Makampani ambiri a ku Kraków amagulitsa ulendo wa tsiku limodzi wophatikiza Auschwitz ndi mgodi wa mchere wa Wieliczka, ndipo ine ndinaupempha pofuna kusunga tsiku. Anakana mwaulemu koma mosagwedezeka, ndipo anasiya masana ndi madzulo a tsikulo opanda chilichonse.

Msasawo uli m'tauni ya Oświęcim, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Kraków. Anthu pafupifupi 1.1 miliyoni anaphedwa kumeneko, ambiri mwa iwo Ayuda, asilikali a Soviet Union asanafike pa 27 Januwale 1945, ndipo malowo anakhala nyumba yosungiramo mbiri mu 1947. Kuyenda ndi wotsogolera kumatenga maola atatu ndi theka, kuyambira ku Auschwitz I, kumene kuli nyumba za njerwa, mpaka ku Birkenau, makilomita pafupifupi atatu kuchokera pamenepo, kumene njanji imalowa pansi pa nsanja ya chipata. M'nyumba ina muli masutikesi owunjikana kuseri kwa galasi, eni ake atalembapo maina awo ndi penti yoyera kuti adzawazindikire. Mnyamata anaima pamenepo nthawi yaitali mpaka gulu linamusiya, ndipo bambo ake anabwerera kukaima pambali pake osamukoka. Pobwerera m'basi munali zii. Madzulo, titakhala pabwalo lalikulu la Kraków, lipenga la pa nsanja ya tchalitchi cha Mariacki litalira n'kudukira pakati monga limachitira ola lililonse, mnyamatayo anafunsa kuti, "Adadi, anthu okhala pafupi aja sankadziwa?" Awiriwo ananyamuka n'kuyenda akukambirana kwa nthawi yoposa ola, ine ndi mtsikana titatsala pabenchi. Tikanakhala kuti tili m'basi yothamangira ku mgodi, funso limenelo silikanapeza malo.

Cholakwa chachiwiri chinali chokhudza tsiku lomweli. Matikiti olowera ku Auschwitz amalembedwa dzina la munthu, ndipo pachipata amaliyerekeza ndi chiphaso. Kutatsala masiku awiri, mtsikana, amene tsopano anali atazolowera kuyang'ana mapepala, anaona kuti dzina la mlongo wake linalembedwa zilembo ziwiri zitasinthana. Kampaniyo imalengeza kuti ili ndi nambala yothandiza makasitomala usana ndi usiku. Tinaimba katatu usiku umenewo osayankhidwa, uthenga wathu unayankhidwa ndi makina, ndipo munthu weniweni anatilembera patapita maola pafupifupi 20. Anakonza, ndipo tinalowa popanda vuto, koma tsiku lathunthu ndinali ndi nkhawa, ndipo ndinadzifunsa kuti zikanatha bwanji mwana akanadwala usiku. Malo ogona a ku Kraków nawonso sanali monga tinagwirizana: tinapempha zipinda ziwiri zoyandikana koma tinapeza china pansi china pa nsanjika yachitatu. Ana anasangalala nazo kwambiri, ine ayi. Ndibwino kudziwa kuti mahotela ambiri amawerenga wachinyamata ngati munthu wamkulu, choncho chipinda chotchedwa cha banja nthawi zambiri chimakhala cha makolo ndi ana aang'ono, ndipo nyumba yobwereka yokhala ndi zipinda zingapo, monga imene tinagonamo ku Berlin, imakhala yabwino kuposa.

Ku Wieliczka tinapita patadutsa masiku awiri, mitima itapepukako. Mgodiwu unali pa mndandanda woyamba wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1978, pamodzi ndi chigawo chakale cha Kraków. Alendo amayamba ndi kutsika masitepe 380 amatabwa, amafika mamita 135 pansi pa nthaka, ndipo pa mamita 101 pali tchalitchi cha St Kinga chosemedwa mu mchere wokhawokha kuyambira pansi mpaka ku guwa. Mnyamata ananyambita khoma kuti atsimikize, mlongo wake n'kumujambula, ndipo chimenecho ndicho chithunzi chokhacho cha ulendo wonse chimene onse awiri anagwirizana kuti chioneke kwa anzawo. Kalata ya kampani inatichenjeza kuti titenge majuzi chifukwa pansipo pamazizira ngakhale mu Julayi, ndipo inanena zoona.

Pulogalamu ya pafoni imene kampaniyo imapereka ndi yapakatikati. Imasunga matikiti onse pamalo amodzi ndipo imatseguka popanda intaneti, zimene zinatithandiza m'sitima, koma yadzaza ndi malo odyera ndi masitolo amene akuoneka kuti ali pa mgwirizano ndi kampaniyo, ndipo ana anasiya kuyang'ana gawo limenelo pa tsiku lachitatu. Oonetsa malo amene anatipezera anali awiri: wa ku Berlin anali wachinyamata wodziwa kufunsa ana mafunso m'malo mowalalikira, pamene wa ku Kraków ankalankhula ndi makolo okha, ngati kuti anawo ndi katundu amene tanyamula.

Banja limene lili ndi ana aang'ono, kapena limene likungofuna kukapuma m'mphepete mwa nyanja, silingapindule kwambiri ndi ntchito imeneyi, ndipo lingachite bwino kudzikonzera lokha. Kwa makolo amene ali ndi ana a zaka zapakati pa 13 ndi 18, amene akufuna kuwatengera ku malo a mbiri yolemera koma sakudziwa poyambira, ndinganene kuti malipiro a kukonza ndondomeko ndi oyenera, malinga ngati mlangiziyo adzalankhula ndi anawo paokha. Funso limeneli ndilo loyenera kufunsa musanasaine, ndipo ngati ayankha kuti amangotumiza fomu yoti banja lidzaze, fufuzani kwina. Ifeyo tikadzawagwiritsanso ntchito, tidzapempha mayi yemweyo, tidzalipira gawo lokonza ndondomeko lokha, ndipo viza ndi malo ogona tidzayendetsa tokha. Titabwerera ndinawalembera kalata yofotokoza za kazembe wolakwika, za dzina la mwana ndi za nambala yosayankhidwa ija. Anayankha patapita masiku anayi, anatibwezera ndalama za usiku umodzi wa ku Kraków chifukwa cha zipinda, koma za nambalayo sananenepo kanthu.